Bwalo la Milandu Lipereka Makiyi, Koma Silidzoza Mbusa

M'boma la Ntcheu, monganso m'maboma ena onse a dziko la Malawi, muli mipingo yambiri imene inayambidwa ndi munthu mmodzi, ndipo iyendabe pa mphamvu ndi ulemu wa munthu yemweyo. Masiku onse amene woyambitsayo ali moyo zinthu zioneka ngati zili bwino, pakuti mawu ake ndiwo lamulo, ndipo palibe alimba mtima kumfunsa za mawa. Koma tsiku limene mtembo wake utsikira m'manda, funso limene aliyense analibisa mumtima lituluka poyera: kodi alowe m'malo ndani? Kawirikawiri misozi isanaume n'komwe, pachitseko cha tchalitchi papezeka maloko awiri, ndipo magulu awiri a anthu amene dzulo anadyera pa gome limodzi la Ambuye ali pa ulendo wa ku bwalo la milandu, gulu lililonse ndi loya wake.

Ambiri a iwo amene ayenda ulendo umenewu akhulupirira kuti woweruza adzawaloza mbusa woona, ndi kuti akabwerako ndi kalata ya chidindo mlandu udzatha. Chikhulupiriro chotere chataya chuma chambiri cha anthu osauka. Bwalo la milandu lili ndi mphamvu pa nyumba, pa malo, pa ndalama za ku banki, ndi pa funso lakuti malamulo amene mpingo unadzilembera wokha atsatidwa kapena ayi; koma lilibe muyeso woyesera amene Mulungu wamuitana. Malire amenewa ayenera kudziwika bwino, makamaka ndi aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti m'midzi yambiri iwowa ndiwo alembi, asungichuma ndi akulu a mipingo.

Kumene Vuto Lichokera

Ntcheu ndi dera limene zipembedzo zinakumanamo kale. Amishoni a Livingstonia anatsegula malo awo m'chigwa cha Livulezi mu 1887, napereka ntchitoyo kwa a Dutch Reformed m'zaka za m'ma 1890. A Zambezi Industrial Mission anakhazikika ku Dombole, ku Ntonda ndi ku Chiole. A Baptist a ku Scotland anamanga ku Gowa, malo amene pambuyo pake anagwa m'manja mwa a Churches of Christ. Ansembe a Montfort anayamba mishoni yawo yoyamba ku Nzama mu 1901. Ndipo Mlanda inatsegulidwa mu 1902. Si Azungu okha anayamba mipingo m'bomali: mu 1942 Peter Nyambo, mbadwa ya komweko, anayamba mpingo wake umene unadziwika ndi dzina lakuti Tchalitchi cha Makolo. Chiyambire 1994, pamene ufulu wa chipembedzo unalembedwa m'Malamulo Aakulu a dziko, mipingo yatsopano yachuluka koposa, kuyambira pa Lizulu kufikira pa Kampepuza ndi kutsikira ku Bwanje.

Mipingo yakale ija nayonso ili ndi mikangano yake, koma ili ndi chinthu chimodzi chimene chiiteteza, ndicho njira yolembedwa yosankhira atsogoleri. Mkatolika aliyense adziwa kuti episkopi aikidwa ndi Papa, ndipo mkhristu wa CCAP adziwa kuti akuluakulu a Sinodi asankhidwa pa msonkhano, nakhala pa mpando zaka zowerengeka. Mpingo wa munthu mmodzi ulibe zimenezi, ndipo ku Ntcheu kusowa kumeneku kupweteka kawiri chifukwa cha miyambo iwiri yokhala pamodzi. Pa mwambo wa ufumu wa Angoni, mwana alowa m'malo mwa atate wake. Pa mwambo wa chikamwini, umene mabanja ambiri m'bomali autsatabe, maso a anthu ayang'ana kwa mwana wa mlongo. Pambali pa awiriwa paimanso wachitatu, ndiye mbusa wamkulu amene anasenza chikwama cha woyambitsayo zaka makumi awiri, nabatiza theka la mpingo. Aliyense wa atatuwa ali ndi mboni zonena kuti malemu anamunong'oneza mawu otsiriza, ndipo akale ananena kuti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Zimene Malamulo Anena

Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994 aika zinthu ziwiri pa muyeso. Ndime 33 ipatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa chikhulupiriro, ndipo ndime 32 ipereka ufulu wosonkhana m'magulu. Tanthauzo lake n'lakuti anthu opembedza pamodzi ali ndi ufulu wodzisankhira wowatsogolera monga mwa chikhulupiriro chawo, popanda dzanja la Boma. Koma ndime 41 inenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku bwalo la milandu kuti dandaulo lake limveke, ndipo ndime 103 ipatsa mabwalo okha mphamvu yonena ngati nkhani ili yoyenera kuweruzidwa ndi iwo. Kotero chitseko cha bwalo sichitsekedwa kwa mkhristu kapena Msilamu wodandaula. Chimene chichepa ndi mafunso amene woweruza avomera kuyankha iye atalowa.

Pamaso pa lamulo, mpingo uli ngati bungwe la anthu amene anapangana mwa ufulu kutsata malamulo ena. Mipingo yambiri inalembetsa matrasiti ake pansi pa lamulo lotchedwa Trustees Incorporation Act la 1962, ndipo polembetsa inapereka chikalata cha malamulo ake. Chikalata chimenecho ndicho woweruza atsegula poyamba. Ngati chinena kuti mtsogoleri asankhidwa ndi msonkhano waukulu, iye afunsa ngati msonkhanowo unaitanidwa ndi woyenera, ngati masiku a chidziwitso anakwana, ngati oponya voti anali mamembala enieni, ndi ngati wochotsedwa pa udindo anapatsidwa mpata wodziyankhira. Mafunso otere ali ndi mayankho oonekera m'mabuku ndi m'maumboni. Koma wina akaimirira nati iye analota maloto, kapena kuti mzimu wa malemu unatsikira pa iye, woweruza alibe poyambira, pakuti palibe mboni ya m'dziko lino ingathe kutsimikiza kapena kutsutsa zotero.

Pano m'pamene mpando wa mbusa usiyana ndi mpando wa mfumu. Milandu ya ufumu ifika ku Bwalo Lalikulu kawirikawiri, ndipo anthu aganiza kuti ya mpingo iyenda momwemo. Komatu ufumu ndi udindo wa m'Boma: lamulo la Chiefs Act la 1967 lipatsa Mtsogoleri wa dziko mphamvu yoika mafumu akuluakulu atakhutira kuti mwambo watsatidwa, ndipo bwalo liyang'ana ngati mphamvu ya Boma imeneyo yagwiritsidwa ntchito moyenera. Ubusa suchokera ku Boma, ndipo Boma silingapereke chimene lilibe.

Phunziro la Maiko a Kutali

Mlandu wotchuka koposa pa nkhani imeneyi unagwera mpingo womwewo umene unatuma amishoni ku Livulezi. Mu 1900 Free Church ya ku Scotland inalumikizana ndi mpingo wina, United Presbyterian Church. Abusa osakwana 30 anakana umodziwo, pamene oposa 1,000 anauvomera. Ochepawo anapita ku bwalo, nanena kuti chuma chonse chinaperekedwa kuti chichirikize ziphunzitso zoyamba za mpingo, ndi kuti ambiriwo anazisiya. Mu 1904 bwalo lapamwamba la House of Lords ku London linagwirizana nawo, nilipereka kwa kagulu kochepako matchalitchi, nyumba za abusa, makoleji ndi ndalama zimene sikakanatha ngakhale kuzisamala. Chisokonezo chinakula kotero kuti mu 1905 Nyumba ya Malamulo inachita kupanga lamulo lapadera loika bungwe logawa chumacho mwatsopano. Oweruza aja anawerenga zikalata molondola monga mwa nzeru zawo, koma atalowa m'nkhani za chiphunzitso anatuluka ndi chigamulo chosatheka kukhala nacho.

Ku United States bwalo lapamwamba linasankha kuima patali. Mu 1976 linamva mlandu wa Bishopu Dionisije Milivojevich, amene akuluakulu a mpingo wa Orthodox wa ku Serbia anamchotsa pa udindo. Bwalo la chigawo cha Illinois linali litambwezera pa mpando, ponena kuti mpingo sunatsate malamulo ake, koma bwalo lapamwamba linafafaniza chigamulocho, ndi kunena kuti pa nkhani yoika kapena kuchotsa bishopu mawu a bwalo lalikulu la mpingo ndiwo otsiriza.

Ku England njira inali ina. Mu 2014, pa mlandu wa Shergill ndi Khaira, anthu a chipembedzo cha Sikh anakangana za amene anali wolowa m'malo woona wa mtsogoleri wawo woyera, chifukwa zikalata za nyumba zawo zopemphereramo ku Birmingham ndi ku High Wycombe zinapereka kwa wolowa m'maloyo mphamvu yoika matrasiti. Bwalo la apilo linakana kuweruza, linati nkhaniyo ndi ya chikhulupiriro. Bwalo lapamwamba linatsutsa zimenezo: linanena kuti silingaweruze ngati chiphunzitso chili choona kapena chonama, koma pamene umwini wa katundu udalira pa funso lakuti walowa m'malo ndani, woweruza ayenera kufufuza zimene oyambitsa analemba ndi zimene chipembedzocho chichita, monga afufuzira umboni wina uliwonse. Mabwalo a Malawi, amene analandira malamulo ambiri kuchokera ku England, apatsa ulemu maganizo otere, ngakhale samangidwa nawo. Njira ziwirizi zisiyana pa utali wa pamene woweruza afika, koma zigwirizana pa mfundo imodzi, yakuti bwalo silinena amene ali wokondedwa ndi Mulungu.

Phunziro la Pafupi

Mpingo wa Anglican, umene Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana anali m'chigawo chimodzi cha Central Africa pa zaka zimene zikambidwa pano, wapereka zitsanzo ziwiri. Mu 2007 Bishopu Nolbert Kunonga wa ku Harare analengeza kuti achoka m'chigawocho, koma anagwiritsitsa matchalitchi, masukulu ndi nyumba za dayosizi. Zaka zisanu akhristu ambiri anapempherera m'matenti, pansi pa mitengo ndi m'nyumba zobwereka. Mu November 2012 bwalo lapamwamba la Zimbabwe linagamula kuti munthu amene watuluka mumpingo mwa kufuna kwake sangatenge katundu wa mpingowo. Apa bwalo linagwira ntchito yake yeniyeni, yobwezera makiyi kwa eni ake, ndipo linatero osakhudza chiphunzitso.

Chitsanzo chachiwiri n'cha m'Chigawo cha Pakati chomwechino. Bishopu Peter Nyanja wa Dayosizi ya Lake Malawi atamwalira mu 2005, osankha anasankha Nicholas Henderson, wansembe wa ku London, koma bwalo la mpingo lotsimikiza chisankho linakana kumvomereza. Akhristu ambiri anakwiya, ndipo m'zaka zotsatira ena anafika ku Bwalo Lalikulu kukapempha ziletso. Mpando unakhala wopanda mwini kufikira 2010, pamene Francis Kaulanda anadzozedwa. Ziletso zinatha kuchedwetsa zinthu, koma bishopu anatuluka m'njira za mpingo womwewo. Ngati zinatero mumpingo wa malamulo olembedwa kuyambira kale, nanga kudzakhala bwanji mumpingo umene malamulo ake onse anali m'mutu mwa malemu?

Yankho lioneka ku South Africa, mumpingo wa Nazaretha woyambidwa ndi Isaiah Shembe. Vimbeni Shembe atamwalira mu 2011, mwana wake Mduduzi ndi mbale wake Vela analimbirana mpando. Bwalo la ku Durban linamva akatswiri oyesa kalembedwe ka dzanja, ndipo mu 2016 linapeza kuti kalata yotchula Vela inali yoona. Vela anamwalira mu 2017 maapilo asanathe, ndipo bwalo lapamwamba la dzikolo linatseka mlanduwo mu 2021, patapita zaka khumi. Komabe khamu lalikulu silinaleke kutsata Mduduzi. Bwalo linatsimikiza siginecha, koma silinathe kutembenuza mapazi a anthu.

Amene Afuna Dzanja Lolimba

Alipo ena amene anena kuti popeza mabwalo achedwa, Bwanamkubwa wa boma kapena nduna angoloza mtsogoleri, mtendere ubwere msanga. Anthu a ku Ntcheu adziwa kuposa ena onse kutha kwa nzeru yotere. Mu 1953 boma la atsamunda linachotsa Inkosi Philip Gomani pa mpando chifukwa chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Iye anamwalira mu 1954, koma m'mitima ya Angoni sanaleke kukhala Inkosi. Ngati kalata ya boma inalephera pa ufumu, umene uli pansi pa lamulo la dziko, idzalephera koposa pa guwa. Dziko lino linaonanso kuyambira 1967 kufikira 1993, pamene a Mboni za Yehova anali oletsedwa, masautso amene agwa pamene Boma liyamba kusankha mapemphero oyenera ndi osayenera. N'chifukwa chake ntchito ya polisi ndi ya Bwanamkubwa pa mikangano imeneyi ndiyo kusunga bata, kuletsa zikwanje ndi miyala, ndi kuitana mbali zonse kuti zikambirane.

Aliponso ena a mbali inayo amene anena kuti mabwalo asalowerere konse m'za mpingo, nakumbutsa kuti mtumwi Paulo anadzudzula Akorinto chifukwa chosumirana kwa akunja. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, koma akatsatidwa popanda malire, amene apambana ndiye wa nyonga amene anayamba kufika pa loko ndi pa buku la ku banki. Amayi amene anatunga madzi oumbira njerwa, ndi alimi amene anapereka matumba a mbatata ndi nyemba kuti malata agulidwe, sanapereke zimenezo kwa banja la munthu mmodzi. Pamene katundu wa mpingo walandidwa, kapena mbusa wachotsedwa m'nyumba usiku wosamvedwa mbali yake, bwalo likhala pothawira pa ofooka, ndipo lichita bwino kulowapo.

Komabe wopita ku bwalo awerengere mtengo wake. Milandu yaikulu ya mtundu umenewu imvedwa ku Bwalo Lalikulu, ndipo kuchokera ku Ntcheu kufika ku Lilongwe ndi mtunda wa mailosi pafupifupi 100. Ulendo uliwonse udya chopereka cha masabata ambiri, ndipo mlandu ukaimitsidwa ulendowo ubwerezedwa. Chiletso chikatseka tchalitchi, maukwati ndi maubatizo aima, maliro aimbidwa ndi magulu awiri osapatsana moni, ndipo kumene mpingo uli ndi sukulu, ana ndi aphunzitsi agwidwa pakati. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Womuponya mwala aswa mkhate umene onse amweramo.

Ntchito ya Odziwa Kulemba

Mankhwala a vuto limeneli ali m'manja mwa mpingo, ndipo nthawi yake ndi pamene woyambitsa akali ndi mphamvu. Choyamba, njira yolowera m'malo ilembedwe momveka: osankha ndani, achuluke bwanji kuti msonkhano ukhale woona, ndani agwirizira mpando m'masiku a maliro, ndipo kwa miyezi ingati. Ngati mpingo ukhulupirira kuti woyambitsa ndiye atchula womtsata, palibe lamulo loletsa. Koma dzinalo lilembedwe pamaso pa mboni zosapindula kanthu, ndipo lilengezedwe iye ali moyo.

Chachiwiri, malo, nyumba, galimoto ndi ndalama zilembedwe m'dzina la matrasiti a mpingo. Zikakhala m'dzina la woyambitsa, pa imfa yake ziwerengedwa ngati chuma chamasiye, ndipo mkazi ndi ana ake akhala ndi mawu pa izo monga mwa lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira. Apo mpingo udzayamba ntchito yovuta yotsimikiza kuti zinali zake. Malo opatsidwa ndi mfumu ya mudzi akhale ndi kalata yonena kuti anaperekedwa kwa mpingo.

Chachitatu, mpingo ukhale ndi bwalo lakelake lomva madandaulo, ndiponso utchuliretu anthu a kunja, monga abusa a mipingo ina, amene adzakhala amkhalapakati zinthu zikavuta. Woweruza wa Boma akaona kuti njira zotere zilipo, kawirikawiri afunsa ngati wodandaula anayamba wazitsata. Chachinayi, buku la mamembala ndi buku la zokambirana za misonkhano zisungidwe mwaudongo, ndi masiku ake ndi masiginecha ake, pakuti tsiku la mlandu mabuku amenewa alankhula mokweza kuposa mboni makumi asanu.

Zonsezi ndi ntchito zimene mphunzitsi wamkulu kapena kalaliki wa ku boma azichita tsiku ndi tsiku pa ofesi yake, ndipo n'zachisoni kuti munthu wosunga kaundula wa sukulu mosalakwa akhoza kukhala mlembi wa mpingo zaka khumi wosaonako chikalata cha malamulo ake. Kunena za wolowa m'malo pamaso pa mtsogoleri wamoyo kuoneka ngati kumfulumizira imfa, ndipo ambiri achita mantha. Koma mkulu wa mpingo amene afika mwaulemu, nagwada, napempha abusa kuti akonze nyumba yawo dzuwa likadalipo, awachitira ulemu woposa wa iye amene angokhala chete. Mtsogoleri wanzeru adzamthokoza, pakuti palibe munthu afuna kuti ntchito ya moyo wake wonse ithere m'mafayilo a ku Lilongwe.

Boma lachita mbali yake poika mabwalo otseguka kwa onse ndi posunga ufulu wa kupembedza. Mabwalowo adzapitiriza kunena mwini wa nyumba, mwini wa ndalama, ndi amene anaphwanya pangano lolembedwa. Chotsalacho, ndicho kupeza munthu amene mpingo wonse udzaimirira polowa iye, chili pa mapewa a okhulupirira eni ake, ndipo mipingo ya ku Ntcheu imene idzalemba njira yake chaka chino idzaika atsogoleri ake m'manda mwa mtendere, ndi kutsegula tchalitchi Sabata lotsatira ndi kiyi mmodzi.